Chombo cha Discovery ndi Miyala ya Kumwezi: Mwini Wake Ndani, Ndipo Boma Limafika Pati?

Pa 4 Julayi 2025 pulezidenti wa dziko la America, a Donald Trump, anasainira lamulo lalikulu lokhudza misonkho ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma. M'kati mwa masamba ake mazanamazana munali ndime yaifupi yopatula madola 85 miliyoni oti asamutsire chombo china chimene chinapitako m'mlengalenga ndi kumanga malo ochionetserako. Ndimeyo siitchula dzina la chombo, koma maseneta awiri a ku Texas amene anaikankhira, a John Cornyn ndi a Ted Cruz, sanabise chimene akufuna: chombo cha Discovery chichoke ku Virginia, kumene chakhala kuyambira 2012, chipite ku Houston, mzinda wa ku Texas kwawoko. Bungwe la Smithsonian, limene likusunga chombocho, linayankha mosapita m'mbali kuti Discovery ndi yake.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Chombocho chinapangidwa ndi ndalama za misonkho. Antchito ochisamalira ambiri amalandira malipiro kuchokera ku boma. Nanga boma likafuna kuchisuntha, wokana ndani, ndipo mphamvu yokanira waitenga kuti? Kuti yankho limveke tiyenera kulekanitsa zinthu zitatu zimene zimasakanizidwa kawirikawiri: umwini wa chinthucho, ndalama zochisamalira, ndi mawu amene amalembedwa pambali pake kuti alendo awerenge. Boma lili ndi dzanja pa zonse zitatu, koma kagwiridwe kake sikafanana.

## Smithsonian si unduna

Bungweli linayamba ndi chuma cha masiye. James Smithson, wasayansi wa ku Britain, anamwalira mu 1829 asanapondeko n'komwe dziko la America, koma chuma chake, madola pafupifupi theka la miliyoni, chinapita ku dzikolo kuti likhazikitse ku Washington bungwe lochulukitsa ndi kufalitsa nzeru. Aphungu anakangana kwa zaka zingapo za chochita nacho, mpaka mu 1846 nyumba ya malamulo ya kumeneko, yotchedwa Congress, inakhazikitsa Smithsonian. Boma linalowa m'nkhaniyi ngati msungi. Taganizirani malume amene wapatsidwa ng'ombe za mlongo wake womwalira kuti asungire ana. Khola lili pakhomo pake, m'busa amalemba ndi iye, mankhwala amagula ndi iye, koma ng'ombezo sangachite nazo mmene angachitire ndi mbuzi zimene anagula yekha kumsika.

Olamulira bungweli ndi komiti ya anthu 17 yotchedwa Board of Regents. M'menemo muli mkulu wa majaji onse m'dzikolo, wachiwiri kwa pulezidenti, maseneta atatu, aphungu atatu a nyumba inayo ya Congress, ndi nzika zisanu ndi zinayi zosagwira ntchito m'boma. Komitiyi ndiyo imasankha mlembi wamkulu, ndipo mu 2019 inasankha a Lonnie Bunch. Pulezidenti salemba mlembiyo ntchito. Komabe pa madola khumi alionse amene Smithsonian imagwiritsa ntchito, pafupifupi asanu ndi limodzi amachokera ku Congress, ndipo pachaka ndi ndalama zoposa madola biliyoni imodzi. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma bungweli lakhala m'mapanga awiri kwa zaka pafupifupi 180, mwendo wina m'boma, wina kunja, ndipo mikangano yonse imene ikubwerayi imachokera pamenepo.

Mwa nyumba 21 zosungiramo zinthu zakale, zimene timati mamiyuziyamu, zimene bungweli limayendetsa, ya ndege ndi zam'mlengalenga ndiyo ikutikhudza. Dzina lake ndi National Air and Space Museum. Inatsegulidwa pakati pa mzinda wa Washington mu Julayi 1976, ndipo mu 2003 inatsegula nthambi yaikulu ku Chantilly, Virginia, yotchedwa Udvar-Hazy Center. Discovery ili kumeneko.

## Pangano la 1967

NASA, nthambi ya boma yoona za maulendo a m'mlengalenga, inakhazikitsidwa mu 1958, ndipo ntchito yake ndi kuyang'ana kutsogolo. Injiniya akamaliza ndi chombo chimodzi, mtima wake uli pa chotsatira, ndipo chakalecho chimangodya malo m'nyumba yosungiramo katundu. Pozindikira zimenezi, mu 1967 NASA ndi Smithsonian anapangana kuti chinthu chilichonse cha mbiri chimene NASA yathana nacho, woyamba kufunsidwa ngati akuchifuna akhale Smithsonian. Ikachilandira, umwini umasamukira kwa iyo.

Chifukwa cha panganoli, zambiri zimene anthu amaona m'mamiyuziyamu ena n'zobwereka. Chipinda cha Apollo 10, chimodzi mwa zombo za maulendo a NASA opita kumwezi, chimene abale athu okhala ku Britain angachione ku Science Museum mu London ndi cha Smithsonian. Ngakhale roketi yaikulu ya Saturn V imene yagonekedwa ku Houston komweko ndi ya Smithsonian. Wobwereka amasainira za kutentha kwa chipinda, chinyezi, kuwala ndi chitetezo, ndipo akalephera chinthucho chikhoza kutengedwa.

Kafukufuku wa mumiyuziyamu ambiri samamudziwa, poganiza kuti ntchito ndi kupukuta fumbi basi. Tengani chovala chimene Neil Armstrong anavala poponda mwezi mu Julayi 1969. Chinasokedwa kuti chigwire ntchito kwa nthawi yochepa, osati zaka makumi asanu. Labala wa m'kati mwake anayamba kuuma ndi kung'aluka, zitsulo zake zinayamba kudyeka, ndipo mu 2006 chinachotsedwa pamaso pa anthu. Mu 2015 miyuziyamuyo inapempha thandizo pa intaneti ndipo anthu wamba anasonkha madola oposa 700,000. Akatswiri anachiunika ndi makina osachiphwasula, anapanga chidole chapadera choti mpweya uzizungulira m'kati, ndipo fumbi lotuwa la kumwezi limene linakanirira m'mawondo analisiya dala. Chinabwereranso pamalo oonetsera mu Julayi 2019. Zoti chovala chotchuka chonchi chinapulumutsidwa ndi chopereka cha anthu zikusonyeza kuti ndalama za Congress zimalipira nyumba ndi antchito, koma sizifika paliponse.

## Miyala ya kumwezi siili m'panganoli

Pakati pa 1969 ndi 1972 maulendo asanu ndi limodzi a Apollo anabweretsa makilogalamu 382 a miyala ndi dothi la kumwezi. Ngati mukufuna kuona kuchuluka kwake m'maganizo, ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 osakwana asanu ndi atatu. Miyala imeneyi siinaperekedwe kwa Smithsonian. Idakali ya boma la America pansi pa NASA, siigulitsidwa, ndipo ngakhale kamwala kamene alendo amaloledwa kukhudza ndi chala mumiyuziyamu ya ku Washington n'kobwereka.

Yambiri imasungidwa ku Johnson Space Center mu Houston, m'nyumba yomangidwira ntchito imeneyi imene inatsegulidwa mu 1979. Gawo lina linaikidwa kutali ku White Sands, New Mexico, kuti tsoka likagwa ku Houston, kumene kumaomba anamondwe, zonse zisatheretu pamodzi. Miyalayo ili m'makabati a chitsulo chosachita dzimbiri odzazidwa ndi mpweya wa nayitrojeni, chifukwa mpweya wathu uno ndi chinyezi chake zingasinthe mwala umene sunaonepo mvula chilengedwere. Wogwira ntchito amalowetsa manja m'magolovesi okhuthala omatidwa ku khoma la kabatiyo, ndipo zida zokhudzira mwala zimapangidwa ndi zinthu zochepa zovomerezeka, kuti wasayansi akapeza kachitsulo kachilendo adziwe ngati n'ka kumwezi kapena ka pa chida. Kachidutswa kalikonse kali ndi nambala, ndipo kakasweka tizidutswa take timalandira manambala athu ndi kulembedwa m'kaundula.

Wasayansi wofuna kupima miyalayi, kaya ndi wa ku America kaya wa kunja, amalemba pempho lofotokoza funso limene akufuna kuyankha, njira imene adzagwiritse ntchito, ndi kuchuluka kwa mwala umene akufuna. Komiti ya asayansi anzake imaunika pempholo. Akavomerezedwa, nthawi zambiri amalandira kachidutswa kosakwana galamu imodzi, amasainira pangano la ngongole, amakasunga m'sefa yokhoma, amapereka malipoti, ndipo zotsala amabweza. Ngati kupimako kudzawononge kachidutswako, ayenera kuneneratu. Ngakhale mphunzitsi wofuna kubwereka timiyala totsekeredwa m'pulasitiki kuti aonetse ana asukulu amayamba waphunzitsidwa kasungidwe kake.

Kwa ine kuumira kumeneku ndiko mbali yosiririka kwambiri ya dongosolo lonseli. Anthu a m'zaka za m'ma 1970 anasiya dala zina mwa zimene anabwera nazo osazitsegula, podziwa kuti adzukulu awo adzakhala ndi makina abwino kuposa awo, monga mlimi amene amapatula mbewu ngakhale chaka cha njala. Chubu china cha dothi la Apollo 17 chinatsegulidwa mu 2019, chinzake mu Malichi 2022, patatha zaka pafupifupi 50. Ndipo mu 2008 gulu lotsogozedwa ndi Alberto Saal wa ku Brown University linapeza madzi ochepa kwambiri m'timikanda ta galasi ta m'dothi la Apollo, pamene kwa zaka zambiri asayansi ankakhulupirira kuti mwezi ndi wouma gwa. Timikandato tikanakhala kuti tinagwiridwa ndi manja kapena kusiyidwa pa mpweya, palibe akanakhulupirira kuti madziwo ndi a kumwezi.

Boma limalowereranso posankha amene asayansi ake angagwire nawo ntchito. Kuyambira 2011 lamulo lotchedwa Wolf Amendment limaletsa NASA kugwiritsa ntchito ndalama zake pa mgwirizano wa maso ndi maso ndi dziko la China popanda chilolezo chapadera. China itabweretsa magalamu 1,731 a dothi la kumwezi ndi chombo cha Chang'e 5 mu 2020, asayansi olipiridwa ndi NASA anadikira mpaka kumapeto kwa 2023 kuti aloledwe kupempha nawo. Ochirikiza lamuloli amati limateteza zinsinsi za luso la maroketi. Otsutsa amati dothi si chida cha nkhondo.

## Zimene zinatuluka m'khola

Dongosolo lokhwima chonchi lili ndi mipata yake, ndipo amene amaiulula ndi ofesi ya Inspector General, wofufuza woima payekha amene ali m'nthambi zikuluzikulu za boma la America ndipo amapereka malipoti ake ku Congress. Mu Disembala 2011 wa ku NASA analengeza kuti pakati pa 1970 ndi 2010, zidutswa 517 za miyala ya kumwezi ndi zina zochokera m'mlengalenga zimene zinabwerekedwa zinasowa kapena kubedwa. Zina zinali m'manja mwa asayansi amene anapuma pantchito kapena kumwalira popanda wofunsa. Mu 2002 ophunzira ena amene ankaphunzira ntchito ku Johnson Space Center ananyamula sefa yathunthu yokhala ndi timiyala ta kumwezi, ndipo anagwidwa akufuna kutigulitsa kwa apolisi odzibisa. Lipoti lina la 2018 linasimba za galimoto yoyeserera yoyendera pamwezi imene inapezeka kuseri kwa nyumba ya munthu ku Alabama, ndipo NASA isanamalize kuganiza chochita, inali itagulitsidwa kwa wogula zitsulo zakutha.

Palinso mphatso. Pulezidenti Richard Nixon anagawira maiko 135 timiyala ta Apollo 11, kenako mu 1973 ta Apollo 17. Mphatso iliyonse inali kachidutswa kapena tizidutswa ting'onoting'ono totsekeredwa m'pulasitiki woonekera m'kati, womatidwa pa thabwa pamodzi ndi kambendera ka dzikolo. Izi zinasiya kukhala za America tsiku limene zinaperekedwa, n'kukhala chuma cha maiko olandirawo, ndipo zambiri zinasowa m'nthawi za nkhondo ndi kusintha kwa maboma. Ya ku Honduras, yolemera galamu imodzi ndi pang'ono, inatulukira ku Florida mu 1998 munthu wina akuitsatsa pa madola 5 miliyoni. Ofufuza a boma anaika chilengezo m'nyuzipepala ngati ogula, anailanda, khoti linagamula mu 2003 kuti inatuluka m'dziko lake mosatsata malamulo a ku Honduras, ndipo mu 2004 inabwezedwa.

Nkhani ya chikwama ndiyo imaonetsa bwino kuti boma nalo limamangidwa ndi malamulo ake omwe. Kachikwama koyera ka zipi kamene Armstrong anasungiramo dothi loyamba la kumwezi kanapezeka pa katundu amene apolisi analanda kwa mkulu wina wa miyuziyamu ku Kansas, amene anapezeka wolakwa pogulitsa zinthu zosakhala zake. Chifukwa cha kusokonezeka kwa manambala m'kaundula, palibe anazindikira chimene kanali, ndipo mu 2015 boma lomwelo linakagulitsa pa okushoni pa madola 995. Wogulayo, mayi wina wa ku Illinois, anakatumiza ku NASA kuti akapime. NASA itaona kuti n'ka Apollo 11 inakana kubweza. Khoti linati ayi: mayiyo anagula mwachilungamo pa msika wa boma, kulakwitsa kunali kwa boma. Mu Julayi 2017 kachikwamako kanagulitsidwa pa okushoni ya kampani ya Sotheby's pa madola 1.8 miliyoni.

Miyala yochepa yotengedwa ndi chombo imene inagulitsidwapo poyera popanda mlandu ndi timibulu titatu ta chombo cha Soviet Union cha Luna 16, timene boma la kumeneko linapatsa mkazi wamasiye wa Sergei Korolev, katswiri wawo wa maroketi. Tinagulidwa pa madola 442,500 mu 1993 ndi 855,000 mu 2018.

## Zimene oyenda m'mlengalenga anapita nazo kunyumba

M'masiku a Apollo panalibe lamulo lolembedwa bwino la tizinthu ting'onoting'ono. Mabwana ankangouza oyenda m'mlengalenga pakamwa kuti timabuku ta malangizo, misuwachi ndi zina zimene zikanatayidwa akhoza kusunga ngati chikumbutso. Vuto loyamba linabuka ndi Apollo 15 mu 1971, pamene atatu a m'chombocho ananyamula maenvulopu a sitampu pafupifupi 400 osalembetsa, ndipo 100 mwa iwo anagulitsidwa kudzera mwa wamalonda wa ku Germany. Congress inafufuza, ndipo palibe mwa atatuwo amene anapitanso m'mlengalenga.

Patapita zaka 40, madoda aja atakalamba n'kuyamba kugulitsa zikumbutso zawo, NASA inadzidzimuka. Mu 2011 boma linasumira Edgar Mitchell wa Apollo 14 chifukwa cha kamera imene ankafuna kugulitsa, kamera imene malinga ndi dongosolo la ulendowo inayenera kusiyidwa m'chombo chotera pamwezi n'kuwonongeka nacho. Mlanduwo unatha pamene iye anavomera kuipereka kuti ikasungidwe ku Smithsonian. Chaka chomwecho kabuku ka Jim Lovell wa Apollo 13, kokhala ndi masamu amene analemba pamanja chombo chawo chitaphulika thanki, kanagulidwa pa madola 388,375, ndipo NASA inaimitsa malondawo pofunsa ngati kanali kake. Anthu ambiri zinawawawa kuona boma likukokana ndi nkhalamba zimene zinaika moyo pachiswe. Congress inakhazikitsa lamulo, losainidwa ndi a Barack Obama mu Seputembala 2012, lonena kuti oyenda m'mlengalenga a nthawi ya maulendo oyambirira a NASA otchedwa Mercury, Gemini ndi Apollo ndi eni ake a zikumbutso zimene anasunga. Lamulolo linasiya kunja chinthu chimodzi: miyala ndi dothi la kumwezi.

## Chikagwa m'munda mwanu

Pangano la maiko la 1967 lokhudza mlengalenga limanena zinthu ziwiri zofunika apa. Palibe dziko lingati mwezi kapena gawo lake ndi lake. Koma chinthu chimene dziko latumiza m'mlengalenga chimakhalabe chake, kaya chili kumwezi, kaya chagwa pansi. Pangano lina la 1968 limati dziko limene chagweramo libweze mwini akapempha. N'chifukwa chake mainjini a roketi za Apollo amene a Jeff Bezos, wamalonda wolemera wa ku America, anavuula pansi pa nyanja ya Atlantic mu 2013 ndi ndalama zawo anakhalabe a NASA. Chombo cha Columbia, chinzake cha Discovery, chitasweka pa 1 Febuluwale 2003 n'kupha anthu asanu ndi awiri, kutola chidutswa chake ndi kuchisunga unali mlandu, ndipo zidutswa zoposa 80,000 zimene zinasonkhanitsidwa zikusungidwa ku Kennedy Space Center, kumene ofufuza amazibwereka. Kuno ku Africa, chitsulo chozungulira cholemera pafupifupi theka la tani chitagwa m'mudzi wa Mukuku ku Kenya mu Disembala 2024, bungwe la boma loona zam'mlengalenga la dzikolo ndilo linachitenga.

Mwala wachilengedwe wogwa kuchokera kumwamba uli ndi nkhani ina, chifukwa palibe anautumiza. Pamenepo limagwira ntchito ndi lamulo la dziko limene wagweramo. Ku America nthawi zambiri ndi wa mwini malo. Ku South Africa ndi ku Namibia ndi chuma cha fuko, chosaloledwa kugulitsidwa kapena kutulutsidwa kunja popanda chilolezo. Kwathu kuno mwala wolemera makilogalamu oposa 90 umene unagwa ku Machinga mu Januwale 1981 unakasungidwa ku miyuziyamu ya ku Chichiri mu Blantyre, kumene ana asukulu amakauona.

## Mawu a pa kachikwangwani

Mikangano yowawa kwambiri siikhala ya chitsulo kapena mwala, koma ya mizere yochepa yolembedwa pambali pake. Amene amalemba mizereyo ndi akatswiri a mbiri yakale olembedwa ntchito ndi miyuziyamu, otchedwa curator, amene amasankha chosungidwa, kuchifufuza ndi kuchifotokoza. Ambiri mwa iwo ku Smithsonian amalipidwa ndi ndalama za boma. Funso limakhala lakuti, wolipira ali ndi ufulu wofika pati pa zimene iwo alemba?

Miyuziyamu ya ndege inakumana nalo funsoli mu 1994. Inkakonza chionetsero chokumbukira zaka 50 chitherereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pakati pake pali Enola Gay, ndege imene inaponya bomba la atomiki pa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945. Zolemba zoyamba zinali ndi zithunzi za anthu opsa, katundu wa ana amene anafa, ndi mtsutso wa akatswiri pa funso lakuti kodi bombalo linali lofunikadi kuti nkhondo ithe. Mabungwe a asilikali akale, makamaka Air Force Association ndi American Legion, anati zolembazo zikuonetsa Japan ngati wolakwiridwa ndi kunyoza anzawo amene anafa. Akatswiri ambiri a mbiri anati kuchotsa mafunsowo n'kubisa zimene zili m'makalata a boma lenilenilo. Zolembazo zinasinthidwa kangapo, nyumba ya maseneta inazidzudzula, aphungu ambiri anaopseza kuti aunikanso ndalama za bungweli, ndipo mu Januwale 1995 chionetserocho chinathetsedwa. Mkulu wa miyuziyamuyo, Martin Harwit, anatula pansi udindo mu Meyi. Mbali ina ya ndegeyo inaonetsedwa ndi mawu ochepa onena za kapangidwe kake ndi ulendo wake. Congress siinafunike kukhazikitsa lamulo loletsa chionetserocho. Kungotchula za thumba la ndalama kunali kokwanira.

Zaka 30 zitadutsa nkhaniyi yabweranso, ulendo uno kuchokera ku ofesi ya pulezidenti. Pa 27 Malichi 2025 a Trump anasainira chilamulo chouza wachiwiri wawo, a JD Vance, amene ali m'komiti ya Regents, kuti aonetsetse kuti maganizo amene boma likuwaona ngati ogawanitsa anthu achotsedwe m'mamiyuziyamu a Smithsonian. Mu Ogasiti White House inalembera a Bunch kuti iunika zolemba ndi mapulani a mamiyuziyamu asanu ndi atatu, ya ndege ndi zam'mlengalenga ili m'gulu, pokonzekera chikondwerero cha zaka 250 za ufulu wa dzikolo mu 2026. Mbali ya boma ikuti mamiyuziyamu olipiridwa ndi misonkho ya anthu onse asamakankhire maganizo a gulu limodzi, ndipo atsogoleri osankhidwa ndi anthu ali ndi udindo woyang'anira zimenezo. Mabungwe a akatswiri a mbiri, monga American Historical Association, akuti zolemba za m'miyuziyamu ziziweruzidwa ndi umboni ndi akatswiri anzawo, chifukwa boma lililonse likamalemba mbiri yokomera ilo, mlendo sangadziwenso chokhulupirira. Smithsonian inati iunika yokha zolemba zake ndipo mphamvu yomaliza ili ndi komiti ya Regents ndi mlembi wamkulu.

## Tibwerere kwa Discovery

Maulendo a zombo za mtundu wa shuttle, zonyamuka ngati roketi n'kutera ngati ndege, atatsala pang'ono kutha, mkulu wa NASA wa nthawiyo, a Charles Bolden, analengeza pa 12 Epulo 2011 kumene zinayi zotsalazo zidzapite: Discovery ku Smithsonian, Atlantis ku Florida, Endeavour ku Los Angeles, Enterprise ku New York. Houston, kumene oyenda m'mlengalenga amakhala ndi kuphunzira, kumenenso maulendo onsewo ankawongoleredwa, sinalandire chombo ngakhale chimodzi. Chilonda chimenecho sichinapole, ndipo munthu akamva anthu a kumeneko akudandaula sangati akunama. Inspector General wa NASA anafufuza kasankhidweko mu 2011, napeza zolakwika zina m'kawerengedwe ka mapointi, koma anati sizikanasintha zotsatira ndipo sanapeze umboni wa ndale.

Smithsonian ikuimira pa kalata ya 2012 imene NASA inasamutsira umwini wonse wa Discovery kwa iyo, ndipo ikuti ikusungira chombocho anthu onse a dzikolo. Ochirikiza kusamutsa akuti Congress ndiyo inabala Smithsonian, ndiyo imaidyetsa, choncho ikhoza kulamula za chuma cha fuko. Amene akuda nkhawa akuti zikatheka kamodzi, seneta aliyense wamphamvu adzayamba kuloza chimene akufuna kuti chipite kwawo, ndipo opereka mphatso ku miyuziyamu adzayamba kukayika.

Ndiye pali chombocho pachokha. Discovery inauluka maulendo 39 pakati pa 1984 ndi 2011, kuposa chinzake chilichonse, ndipo ndiyo inanyamula makina oonera nyenyezi a Hubble mu 1990. Ndi yaitali mamita 37, mapiko ake atambalala mamita pafupifupi 24, ndipo Houston ili pa mtunda woposa makilomita 2,000 pamsewu. Thupi lake lakutidwa ndi timatailosi toteteza ku moto toposa 20,000, topepuka ndi tosachedwa kuphwanyika moti chala chikhoza kutiboola, kalikonse kodulidwa molingana ndi malo ake ndi kolembedwa nambala yake. Miyuziyamu inasankha kusachitsuka kapena kuchipenta, choncho mlendo amaona zipsera ndi mizere yotuwa ya moto wa ulendo womaliza. Smithsonian inauza Congress kuti ndalama zofunika n'zoposa kwambiri madola 85 miliyoni aja, ndiponso kuti kusamutsako kungafune kuchiphwasula, zimene zingawononge zinthu zosabwezeretseka. A Cornyn ndi anzawo akutsutsa ziwerengerozo, akuti pali makampani odziwa kunyamula katundu wolemera amene angachifikitse pamsewu ndi panyanja. Pamene chinkabwera ku Virginia mu Epulo 2012, chinaberekedwa pamsana pa ndege ya Boeing 747 yokonzedwera ntchito imeneyi. Ndege zoterozo zinalipo ziwiri zokha ndipo zonse zinapuma pantchito chaka chomwecho. Imene inanyamula Discovery inadulidwa mapiko, inakokedwa pamsewu usiku, ndipo lero yaima pakhomo pa Space Center Houston, malo oonetsera alendo zam'mlengalenga, itabereka chifanizo cha shuttle chotchedwa Independence.